Magazi pa Utuchi wa Paini

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kabichi. Sukulu itandikanika, ndinkalima dimba la mayi anga m'munsi mwa phiri la Chongoni: kabichi, repu, anyezi ndi mbatatesi pang'ono. Loweruka ndinkasenza katundu kukagulitsa pageti pa fakitale yocheka matabwa, antchito akamaweruka. Tsiku lina kapitawo wa pamenepo, a Gwaza, anandiona ndikutula thumba ndekha popanda wondithandiza. Anandiyang'ana mapewa ngati akufuna kugula ng'ombe.

"Dzina?"

"Paskale, bwana."

"Khadi la chipani uli nalo?" Ndinawaonetsa. "Lolemba ubwere."

Anandiika pa macheka aakulu ozungulira, oyendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini ya dizilo. Wocheka anali a Sitefano, bambo wa ku Linthipe, munthu wofatsa wovala korona m'khosi. Iwo ankakankha chipika cha paini patebulo, ine ndinkaima kutsidya kulandira thabwa. Pamwamba pa macheka panali chivindikiro chachitsulo, ndipo kumbuyo kwake kunali kachitsulo kopyapyala kotsegula mng'alu kuti mtengo usapane macheka. M'mawa uliwonse a Sitefano ankanola mano a machekawo ndi tupa, limodzilimodzi, akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi.

Ntchito inali yowawa. Utomoni unkamata m'manja, utuchi unkalowa m'maso ndi m'chifuwa, ndipo nthawi ya chisanu zala zinkauma ngati nkhuni. Koma chowawa kwenikweni anali a Gwaza. Ankayenda ndi chidutswa cha lamba wakale wa injini. Wochedwa, wokhala pansi, wopita kuchimbudzi kawiri, ankamulawa lambayo pamsana. Bambo wa ana ankakwapulidwa n'kunena kuti, "Pepani bwana."

Ndikaweruka ndinkathamangira kudimba kukathirira nazale dzuwa lisanalowe. Kumeneko palibe ankandikalipira. Masana, nthawi yopuma, ndinkatulutsa buku lobwereka ku parishi. A Sitefano sankadziwa kuwerenga, choncho ankandipempha kuti ndiziwerenga mokweza. Posakhalitsa anzathu ena anayamba kudzakhala pazipika kumvetsera, akudya chimanga chokazinga. A Gwaza anatipeza.

"Msonkhano wanji uwu? Wakupatsa chilolezo ndani? Ndikangotsegula pakamwa kwa akuluakulu a chipani, amako sadzakuonanso."

Analanda bukulo n'kuliponya pamoto wotenthera makungwa. Ndinangoliyang'ana likupsa. Masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Tsiku loipa linafika nyengo ya mvula. Lole yopita ku Lilongwe inaima pabwalo kudikira matabwa, dalaivala wake, a Saidi, akusuzumira pakhomo pafupipafupi. Zipika zinali zaziwisi, zonyowa, ndipo china chinali chachikulu moti sichinkadutsa pansi pa chivindikiro. A Gwaza anatenga sipanala, n'kumasula chivindikirocho pamodzi ndi kachitsulo ka kumbuyo kaja.

"Bwana, mtengo wauwisi umabweza," anatero a Sitefano.

"Wabwerera ntchito kapena kulalikira? Kankha!"

Anakankha. Chipika chitafika pakati, macheka anasintha kulira, anayamba kubuula. Mng'alu unatsekeka, chipika chinanyamuka n'kuwamenya a Sitefano pachifuwa, ndipo pofuna kudzigwira dzanja lawo lamanja linagwera pamano. Ndinamva chinthu chofunda chikundiwaza kumaso. Nditapukuta m'maso ndinaona zala zili pautuchi, ndipo mwini wake atakhala pansi, akuyang'ana mkono wake ngati si wake. Magazi ankatumpha molingana ndi kugunda kwa mtima.

Ndinathamangira ku injini n'kuithimitsa. M'shedi monse munangoti zii.

"Wathimitsa ndani?" anakuwa a Gwaza. "Mukokereni panja uyo, thirani utuchi pamagazipo. Lole ikudikira!"

"Bwana, munthu akufa."

Lamba anandipeza kumaso. Wachiwiri anang'amba khutu langa. Wachitatu sanafike. Ndinawagunda ndi mutu pachifuwa, anagwa chagada pamulu wa makungwa, ine n'kuwaponda pamimba ndi bondo. Pafupi panali mbedza yachitsulo yogubuduzira zipika. Sindikukumbukira kuitola, ndimangokumbukira ili m'mwamba, manja anga onse awiri ataigwira, maso a Gwaza atatong'oka. Anzanga anaima chilili. Palibe anandiletsa, ndipo ndikhulupirira ena ankafuna nditsitse.

Mawu a Sitefano anachokera pansi, ofooka. "Paskale, mwana wanga. Ukamupha ameneyo, ine andinyamula ndani?"

Ndinataya mbedza. Ndinavula malaya, kung'amba, n'kumanga mkono wawo pamwamba pa chigongono, ndikupotokola mfundo ndi kamtengo mpaka magazi anachepa. A Saidi anali atayamba kale kugwetsa pansi matabwa amene anali mulole.

"Mukwezeni kuno! Matabwa sadwala," anatero.

Msewu wonse wopita kuchipatala cha kuboma ndinali nditawafungata pamiyendo, lole ikuterereka m'matope. Anapulumuka. Kudzanjako kunatsala chala chachikulu chokha.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito, poganiza kuti mwina akuluakulu a fakitale afuna kumva zomwe zinachitika. Pageti ndinapeza a Gwaza ali ndi anyamata a chipani. Anali atawauza kuti ndimawerengera antchito mabuku oukira boma, ndiponso kuti ndinathimitsa injini pofuna kuyambitsa sitalaka. Sanandifunse kanthu. Anandigwetsa m'matope, kundimenya ndi zibonga, kundiponda ndi majombo mpaka nthiti inathyoka. Antchito anzanga ankadutsa atazolika. Sindiwaimba mlandu, anali ndi ana. Msuweni wanga ndiye anadzanditenga pa njinga, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Ndinagona nthawi yaitali, kupuma kokha kukundipweteka. Mayi ankalimbana ndi dimba okha, repu wina anauma. Nditayamba kuyenda, a Sitefano anabwera kudzandiona, wapansi kuchokera ku Linthipe, dzanja atalikulunga m'nsalu. Anandipeza ndikuwokera kabichi. Anagwada n'kuyamba kundithandiza ndi dzanja lamanzere, mbande zikuwagwa, iwo akudziseka okha. Za fakitale sitinakambe.

Patapita zaka ndinaphunzira ukalipentala, ndipo ndinakhala ndi shedi yanga ku Chimbiya, ya macheka aang'ono amagetsi. Aliyense wobwera kudzagwira ntchito kwa ine ndimamuuza zinthu ziwiri tsiku loyamba. Makina akasintha kulira, thimitsa, usadikire chilolezo changa, ngakhale kasitomala ataima pakhomo. Chinacho ndimachinena nditamuonetsa khutu langali. Tsiku lina mnzako adzagwa, ndipo wochititsa adzakhala ali pomwepo, pafupi ndi dzanja lako. Uyambe wanyamula wagwayo.