Tinakwirira Dalitso ndi Manja Athu

Ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali lambalamba pakapeti, mawu atawathera, poti usiku wonse tinaimba, mzungu wa khomo linalo akumenya khoma kuti tikhale chete. Chete pamaliro? Ife tinakweza.

Dalitso, mdzukulu wanga ine, Dalitso. Boma la kuno ku Mangalande linamulipirira sukulu, n'kumuika pantchito yoyatsa moto wa dzuwa m'chimphika chachitsulo. Ankati, "Agogo, tikadzayatsa, magetsi sadzathanso." Njinga yamoto inaterereka naye pamsewu wozizira akupita komweko. Kumudzi sitikanapita naye. Bambo ake kungoponda pa Chileka, ndi unyolo.

Moto wapanja ku Lewisham akuti n'koletsedwa, ndiye tinaphikira pa gasi, mpunga, nkhuku, tiyi. Anthu anafika pa basi, a ku Woolwich, ana asukulu, mvula ili waa. Kumanda tinapeza anzake a kuntchito, azungu, majekete akuda, maambulera. Mkulu wawo analankhula, mlongo wake wa Dalitso akundimasulira. Akuti anali mutu, akuti dziko lataya. Atatha anayang'ana wotchi.

Bokosi litatsika, wa kumanda anati tizipita, thirakitala ikwirira masana. Anthu n'kumatembenukadi! Ine mtima unawira. Mwana wapatsa dziko lino nzeru zake zonse, ndiye timusiye dzenje lili yasa, mvula ikumugwera ngati galu? Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

"Amayi, dzukani, kuno ndi malamulo," anatero bambo a Dalitso.

"Iwe, unakana kugwadira boma lakwathu, lero ukuopa mlonda wa manda? Fosholo!"

Iye ndi wa kumanda uja anakangana, anakangana, mafosholo awiri anabwera. Bambo ake anayamba, amuna athu n'kumalandirana. Azungu aja anangoima. Ndinauza mlongo wake wa Dalitso uja, awuze: munamuphunzitsa ntchito yanu, lero phunzirani yathu. Mkulu uja anafiira. Kenaka anavula jekete, nagwira fosholo ngati supuni, dothi likumugwera m'nsapato. Anzake anatsatira, mmodzimmodzi, mpaka mtumbira unakwera.

Ine ndinaimba nthungululu. Pamaliro, ee, ndikudziwa, amayi anzanga ananditsina. Koma mwana wanga anafunda.

Madzulo anthu anabalalika. Nsapato zamatope zili pakhomo, khoma lija lili zii. Ndinayatsa getsi la kukhitchini. Akuti likadali la malasha. Dzuwa lija sanaliyatsebe, ndipo afulumire, ine ndakalamba.