Chimbale Changa ndi Kompyuta ya ku Tchalitchi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene kompyuta inafika ku ofesi ya tchalitchi chathu, kufupi ndi nyanja ku Nkhotakota. Zinali zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense anali atangozindikira kuti ali ndi pakamwa, moti msonkhano wa komiti umene kale unkatha pa ola limodzi tsopano unkadya tsiku lonse. Kompyutayo inali mphatso yochokera kwa akhristu anzathu akunja. A Kamzati, wapampando wa komiti, analamula kuti iikidwe pawindo loyang'ana kunyanja, ndipo windolo lizikhala lotsekula kuti odutsa aziiona. Ndipo ankaionadi. Asodzi ankaima ndi nkhafi paphewa, kusuzumira ngati muli mwana wobadwa kumene.

Woigwiritsa ntchito anali amayi anga. Anali atatayipa makalata a mpingo pa makina akale kwa zaka zambiri, ndipo bambo atamwalira, ntchito imeneyi ndi imene inkatisunga ife ana anayi. Kompyuta anaiphunzira okha, ndi kabuku kamene kanabwera m'katoni, chala chimodzi pabuku china pabatani. Zambiri inkachita popanda chimbale, koma posindikiza zikalata za ubatizo pankafunika kuika chimbale chake m'kathireyi kamene kankatuluka ukadina batani.

Nanenso ndinali ndi chimbale changa, cha nyimbo, chokalikakalika, chimene anandipatsa msuweni wanga wogwira ntchito ku Dwangwa. Pakhomo pathu panalibe choimbira, choncho chinkangokhala pamsomali ndipo ndinkadziyang'anirapo popita kusukulu. Koma mtima unkandiyabwa. Ndinkafuna kumva zimene zinali m'menemo.

Masana ena amayi anapita kukasiya kalata kunyumba ya abusa, n'kundisiya ndikulondera ofesi. "Iwe Maliya, usakhudze kanthu," anatero. Abale, mwana amauzidwa zimenezo? Asanafike n'komwe pamtengo wa mango, ine ndinali nditadina kale batani n'kuika chimbale changa. Chinayamba kuzungulira m'kati kuti vuuu, kenaka galasi la kompyuta linangoti bii! Kompyuta inalira kamodzi n'kuyambiranso yokha ngati ndi m'mawa, ndipo kalata imene amayi ankalemba pakompyutapo inafufutika. Ndinatulutsa chimbalecho n'kuchibisa m'chikwama cha mabuku. Amayi atabwera anafunsa ngati magetsi anathima, ine n'kugwedeza mutu kuvomera.

Panapita masabata awiri amayi asanafune chimbale cha ubatizo. Tsiku limene anachiika, kompyuta inachita zomwe zija. Anayesanso, inazimanso n'kuyaka yokha. Mawa lake chimodzimodzi. Ubatizo waukulu unali pafupi, makolo ankabwera kudzafunsa za zikalata, ndipo komiti inakhala pansi. Ndinamva ndekha a Kamzati akulankhula pakhonde, osatsitsa n'komwe mawu: "Kompyuta si makina a taipi. Imafuna wachinyamata wa satifiketi ya ku Lilongwe." Aliyense ankadziwa kuti iwo anali ndi mphwawo wa satifiketi yoteroyo. Amayi anapatsidwa mpaka Lamlungu: zikalata zikapanda kutuluka, makiyi a ofesi abweze.

Sabata imeneyo amayi sankadya bwino, ndipo ine ndinkadya ndi manyazi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimbale changa ndicho chinalowetsa matenda m'kompyuta. Ndinkawaona akuwerenganso kabuku kaja, milomo ikuyenda, ndipo ndinkadzida. Koma mantha ankaposa chisoni, choncho ndinakhala chete.

Loweruka m'mawa amayi anabwera ndi Che Amidu, wokonza mawailesi kumsika. Anali bambo wamfupi wa kofia yoyera, magalasi ake omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. A Kamzati ataona kachikwama kawo ka zida anaseka. "Wokonza mawailesi? Mayi, mwafika pothedwa nzeru."

"Kompyuta sindinaitsegulepo, ndisaname," anayankha Che Amidu mofatsa. "Koma chilichonse chodya moto chili ndi khalidwe lake. Tiyeni tione khalidwe la iyi."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kachikwama kaja sanakatsegule. Anakoka mpando n'kupempha amayi kuti ayatse ndi kuika chimbale. Inu, kompyuta ija inagwira ntchito bwinobwino! A Kamzati anaomba m'manja: "Mwaona? Vuto ndi manja a mayiwa." Che Amidu anangoti tidikire. Anakhala pamenepo akucheza za mtengo wa usipa mpaka dzuwa linafika pamutu, malata a ofesi akuthetheka ndi kutentha. Kenaka anati aikenso. Vuuu, bii! Inazima n'kuyambiranso. Iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira moni.

Anayamba kusintha zinthu, koma chimodzi chimodzi. Anasamutsa chingwe kupita pa soketi ina, n'kuyesa: inazima. Anabwezera chingwe pamalo pake, n'kuchotsa makina osindikizira, n'kuyesa: inazimanso. A Kamzati anati achite zonse pamodzi nthawi ikutha, iwo anakana. "Mukamwa mankhwala atatu tsiku limodzi n'kuchira, mudziwa bwanji amene akuchizani?" Kenaka anatembenukira kwa amayi n'kufunsa kuti zinayamba liti, osati mwezi wake, koma tsiku lenilenilo. Amayi anatchula tsiku limene anaika chimbale cha ubatizo. Che Amidu anaganiza pang'ono, n'kunena kuti sakuonapo kanthu pa tsiku limenelo. Kodi lisanafike, sinachitepo chachilendo? Amayi anati ayi, kupatula masana ena pamene magetsi anathima.

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinalira mokweza, mamina ndi misozi, n'kuulula zonse: kuti magetsi sanathime, kuti ndinaika chimbale changa, kuti ndinanama. Amayi anandiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakuonabe mpaka lero. A Kamzati anaimirira. "Ndiye wakupha kompyuta ndi ameneyu! Mayi ndi mwana, mlandu umodzi."

Che Amidu anakweza dzanja. "Mwanawe, bwera nacho chimbalecho." Ndinachitulutsa m'chikwama, anachiika, ndipo kompyuta inazima monga inkachitira ndi cha ubatizo, osasiyanitsa. "Chimbale chilibe mlandu," anatero. "Chilichonse chimene ungaikemo, ichita zomwezi. Koma iwe wandipatsa tsiku lenileni. Pukuta misozi undiuze: sabata imeneyo kunja kunali bwanji?"

Ndinaganiza, ndikusisima. Kenaka ndinakumbukira. Inali sabata imene kunagwa nkhungu, tizilombo tija timene timadzuka panyanja ngati utsi n'kudzadza mudzi wonse. Amayi a m'mudzi ankazikola ndi malichero onyowa kuti akapange ndiwo, ndipo ine ndinasesa zambirimbiri pansi pa tebulo la kompyuta, pakuti windo linali lotsekula monga mwa lamulo.

Che Amidu anaika chikhato kumbuyo kwa bokosi la kompyuta, pamene pali timabowo. "Apa payenera kutuluka mphepo," anatero. Panalibe mphepo. Anawerama n'kununkhiza, nanenso anandiuza ndinunkhize. Linali fungo limene mwana aliyense wa kunyanja amalidziwa. Pamenepo m'pamene anatsegula kachikwama kaja. Anazula chingwe kukhoma, natichenjeza kuti tisalowetsemo zala chifukwa zinthu zotere zimasunga moto ngakhale zitazima, n'kumasula bokosilo. M'kati, pa kabokosi kogawa moto, kafani koziziritsa kanali katatsekeka ndi nkhungu zouma, zogwirana ngati chikondamoyo, moti sikankatha kuzungulira.

"Bwana wapampando," anatero akukweza chibulumacho ndi kapanira, "kompyuta yanu yakhala ikuphika ndiwo." Amayi anaseka koyamba sabata yonseyo, misozi ili m'maso.

Anafotokoza m'mawu amene ngakhale ine ndinamva. Kabokosi kogawa moto kakatentha kamafooka. Pa ntchito zazing'ono kamalimbikira, koma chimbale chikayamba kuzungulira chimafuna moto wambiri nthawi imodzi, ndiye kamagonja, kompyuta n'kuzima. N'chifukwa chake m'mawa kukuzizira inkagwira, masana n'kukana. "Munthu wamalungo amatha kukhala pansi n'kumacheza nanu," anatero, "koma mumusenzetse mtolo wa nkhuni, agwa." Anachotsa nkhunguzo ndi nthenga ya nkhuku, napopera m'kati ndi pampu ya njinga yawo, nadonthezera kamafuta pa kafani. Atayatsa, ndinaika dzanja kumbuyo ndipo ndinamva kamphepo. Koma iwo sanathamangire kukondwa. Anailekerera itenthe ola lathunthu, kenaka n'kuika chimbale katatu konse. Sinazime.

Dzuwa lisanalowe, chikalata choyamba cha ubatizo chinatuluka. Che Amidu analangiza kuti tebulo lichoke pawindo, ndipo a Kamzati, osayang'ana munthu kumaso, anagwira mbali imodzi ya tebulolo okha. Za mphwawo wa satifiketi sitinazimvenso. Amayi anagwira ntchito mu ofesi imeneyo mpaka kupuma.

Kunyumba sanandimenye, ngakhale ndinkayembekezera. Anangoti, "Mwana wanga, chimbale sichinandipweteke. Chandipweteka n'chakuti unkandiona ndikusowa tulo, iwe uli ndi yankho m'chikwama." Bola akanangondikwapula, chifukwa mawu amenewo anapweteka nthawi yaitali kuposa chikoti.

Lero ndine namwino, ndipo Che Amidu anatisiya kalekale. Sanapite patali ndi sukulu, koma sindinakumanepo ndi mphunzitsi wowaposa. M'chipinda chija aliyense ankafunsa kuti walakwa ndani. Iwo okha ndiwo ankafunsa kuti zinayamba liti, ndipo chinasintha n'chiyani. Mayi akabwera ndi mwana wodwala, n'kumazengereza kunena chimene anam'mwetsa kunyumba, ndimadziwa mantha amenewo chifukwa ndinawasenzapo. Sindimukalipira. Ndimakoka mpando n'kumuuza kuti chimene akuopa kunenacho mwina ndicho tikuchifuna. Ndimanena zimenezi ndikudziwa kuti ndikanakhala chete tsiku linanso limodzi lokha, amayi anga akanabweza makiyi chifukwa cha nkhungu.