Tsiku Limene Agogo Mwale Anakhala Kuseri kwa Golo

Ndikawakumbukira agogo Mwale, chimayamba kundifikira ndi fungo la mankhwala otentha amene ankapaka m'mawondo, kenako la anyezi wokazinga amene ankatilonjera tikangotsika basi pafupi ndi bwalo la mpira. Loweruka lililonse limene timu yathu inkasewera pakhomo, iwo ankakhala pampando wa m'khitchini, buluku atalipinda mpaka m'ntchafu, n'kumatikita mawondowo mosafulumira uku ketulo ikulira, wailesi ikutchula osewera amene avulala, ine nditaima pakhomo nditavala kale jekete, ndikudandaula kuti basi itisiya.

Sanali agogo anga enieni. Tinkakhala m'mafulati a khansolo ku Nechells, khomo lathu ndi lawo zikuyang'anizana. Amayi anga anali nesi, ndipo mashifiti a Loweruka ankawagwera kawirikawiri. A Mwale anabwera ku England kalekale, amayi akadali khanda ku Dedza, ndipo anagwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo ku West Bromwich mpaka pamene inatsekedwa. Phokoso la makina a kumeneko linawagonthetsa khutu lakumanzere, choncho aliyense wofuna kuyankhula nawo ankayenera kukhala kumanja kwawo.

Kubwaloko anali ndi mipando iwiri ya chaka chonse, mbali ya m'litali mwa bwalo, mzere wakhumi ndi chiwiri, kumapeto kwenikweni pafupi ndi masitepe. Umodzi unali wa akazi awo, mayi wa ku Jamaica amene anamwalira ife tisanasamukire kumeneko. Mpandowo sanausiye. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anagogoda kwathu.

"Amake Tamanda, mpando uja ukungokhala," anatero. "M'malo moti mwanayu azitsekeredwa m'nyumba tsiku lonse, bwanji ndizipita naye?"

"Bambo, sakuvutitsani ameneyu? Pakamwa pake sipatsekeka."

"Ine khutu n'limodzi. Ndizingomva theka."

Tsiku loyamba anandifotokozera za malowo ngati munthu amene akuonetsa mlendo munda wake. Denga linkafika bwino pamwamba pathu, moti mvula inkathera mizere inayi kutsogolo. Dzuwa la masana linkakhala kumsana, osati m'maso. Magolo onse awiri ankaoneka mofanana, ndipo refa akalakwitsa tinkaona tokha. Iwo ankakhala wakumapetowo, khutu logonthalo kumasitepe, mwendo atautambasulira m'kanjira, ine kumanja kwawo. Otizungulira anali anthu achikulire okhala ndi mafulasiki a tiyi ndi timabulangete ta pamiyendo. Ankadziwana nkhope kwa zaka zambiri, ankagawana masiwiti a minti, koma ambiri sankadziwana maina.

Kwa zaka zitatu malowo anandikwanira. Nditayamba sekondale ndinapeza anzanga amene ankapita ndi azichimwene awo kuseri kwa golo, kumene kunkachokera ng'oma ndi nyimbo zonse. Mbali yathu ankaitcha kwa nkhalamba. Kuyambira pamenepo maso anga ankakhala kumeneko kuposa pampira. Ndinkaona anthu akudumpha pamodzi, masikafu ali m'mwamba, pamene pambali panga wina akuthira shuga mu tiyi.

Tsiku lina tikubwerera pabasi ndinalankhula, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Ndinati kumene timakhalako n'kotopetsa, kuli ngati kutchalitchi.

"Wati chiyani?" anafunsa, akutembenuzira khutu labwinolo kwa ine.

Ndinabwereza mokweza, n'kuwonjezera kuti anzanga amandiseka chifukwa chokhala ndi nkhalamba. Anthu a m'basimo anacheuka. Agogo anayang'ana pazenera.

"Chabwino, ndamva," anatero.

Lachitatu lotsatira anandidikira pageti la sukulu, tinakwera basi mpaka ku ofesi ya matikiti. Kunkabwera mpira wa chikho, ndipo pampira wotero munthu ankatha kusankha malo ena. Mtsikana wa pazenera anatulutsa chithunzi cha bwalo lonse, chigawo chilichonse ndi mtundu wake. Agogo anavala magalasi awo n'kuyamba kufunsa za kuseri kwa golo. Masitepe ndi angati kufika kumeneko? Chogwirira chilipo? Denga limafika? Anthu amakhala pansi?

Mtsikanayo anamwetulira. Anati mipando iliko, koma palibe amene amaikhalira. Kenako anayang'ana ndodo ya agogo n'kuwalangiza mwaulemu kuti mwina angokhala malo awo akale.

"Mwanayu akufuna kumeneko," anayankha. Anandikankhira chithunzicho. "Loza wekha."

Ndikanatha kuloza kumapeto kwa mzere. Ndinkadziwa bwino za mawondo awo, popeza ndinkawaona akuwapaka mankhwala sabata ndi sabata. Koma ndinaika chala pakati penipeni, pamene ndinkadziwa kuti m'pamene pamakhala ng'oma. Agogo anayang'ana pamene panali chala changapo nthawi yaitali ndithu, kenako anauza mtsikanayo kuti awapatse mipando iwiri.

Amayi atamva sanakondwe. "Bambo, ndi miyendo yanuyo? Musamamulekerere mwanayu."

"Musiyeni akaone yekha," anatero agogo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Sindinama, tsikulo ndinasangalala. Kuti tifike pamipando yathu tinadutsa anthu oposa khumi, agogo akupepesa aliyense, ndodo ikukola m'miyendo ya anthu. Mpira usanayambe n'komwe, pansi pankanjenjemera. Ng'oma inkagunda m'chifuwa mwanga. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndinkangozimvera patali, ndi mawu ena amene amayi akanandimva akanandikoka khutu. Kumbuyo kwathu kunali chimunthu chadazi, chojambulidwa zithunzi m'khosi monse, chimene chinkatukwana refa mosapumira. Ndinkachiopa, komabe ndinkaona kuti ndafika pamene pali mpira weniweni.

Patapita mphindi ngati makumi awiri ndinamva wina akukoka jekete langa. Agogo anali atakhala pansi. Miyendo inali itakana. Anali munthu yekhayo wokhala pakati pa anthu oimirira, ndipo kutsogolo kwawo kunali misana yokhayokha.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa.

Ndinawerama n'kuwauza m'Chingerezi. Anapukusa mutu.

"Chizungu chikusowa m'phokosomu. Nena m'Chichewa."

Chichewa changa chinali cha kukhitchini, cha tenga mbale ndi tseka chitseko. Koma ndinayesa, pakamwa nditagunditsa kukhutu lawo. "Wathu akuthamanga. Wagwa. Refa wakana. Wina wamenya ndi mutu, wapita kumwamba."

"Wapita kumwamba ndani, munthuyo kapena mpira?"

"Mpira!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Tinapitiriza choncho chigawo chonse choyamba, ine ndikusuzumira pakati pa mapewa a anthu, n'kuwerama kukapereka lipoti.

Chigoli chinabwera chigawo chachiwiri chitangoyamba. Sindinachione bwino. Ndinangomva kukuwa, kenako anthu a m'mizere yakumbuyo anatigwera ngati khoma. Pamene ndinkadzuka, agogo panalibe pampando. Anali atagwera mzere wakutsogolo, mutu pansi, mwendo umodzi utakola pampando, anthu akudumphabe osawaona. Magalasi awo anali ataphwanyika pansi pa nsapato za wina. Ndinakuwa, koma mawu anga sankamveka ngakhale kwa ine ndemwe.

Amene anandimva ndi bambo wadazi uja. Anabangula kamodzi kokha, anthu n'kupatuka. Anawanyamula agogo ngati mwana, kuwakhazika pampando, n'kuitana oyang'anira. Buluku la agogo linali litanyowa magazi pamsongolo. Bamboyo anatiperekeza mpaka kuchipinda cha chithandizo pansi pa masitepe, atanyamula ndodo yawo, akuwafunsa mobwerezabwereza ngati ali bwino. A chithandizowo anamanga balalo n'kunena kuti apite kuchipatala. Agogo anati kunyumba kuli nesi.

Aka kanali koyamba kuti tituluke mpira usanathe. Msewu unali pululu, ogulitsa zakudya akupukuta ziwaya zawo. Tinakhala pamalo odikirira basi, phokoso la m'bwalo likumveka kumbuyo kwathu. Ine ndinkalira mwakachetechete.

"Pukuta m'maso," anatero. "Kumene kuja ndinaimako kale kamodzi."

Ndinawayang'ana. Sanandiuzepo zimenezo.

"Ndinali mnyamata, ndangoyamba kumene kufakitale. Nthawi imeneyo kunalibe mipando, tinkangoima. Timu ya alendo inali ndi mnyamata mmodzi wakuda. Akangogwira mpira, anthu ondizungulira ankayamba kulira ngati anyani. Wina anamuponyera nthochi. Amene anaima pambali panga anandigwira paphewa n'kunena kuti, usadandaule, sitikunena iwe. Ndinafuna kutuluka, koma ndinali pakati. Ndinaima pomwepo mpaka nthawi yopumira, ndikumva zimenezo."

Basi inadutsa, koma sinali yathu.

"Ndinatha zaka zambiri osapondako. Anandibweza ndi agogo ako aakazi, malemu akazi anga. Mpando uja anasankha ndi iwo. Anati ukhale kumapeto, ukafuna kutuluka usapemphe munthu njira."

Choncho za denga ndi dzuwa zija zinali zoona, koma sizinali zonse. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze tili ku ofesi ya matikiti.

"Ndikanakuuza ukanayamba kuopa malo amene sunawaone. Komanso ine ndinkafuna ndikaone ngati kunasintha. Ndekha sindikanapita."

"Ndiye kunasintha?"

"Ndidziwa bwanji? Ine ndaona misana basi." Anasisita bandeji. "Koma wadazi uja ali ndi mphamvu."

Amayi atabwera kuntchito madzulo anamasula bandejiyo, kutsuka balalo n'kulimanganso, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Agogo anali ndi matenda a shuga, choncho balalo linachedwa kupola. Linatupa, linayamba kutulutsa mafinya, ndipo panali sabata imodzi imene amayi ankanong'onezana ndi anzawo a kutchalitchi pafoni za mwendowo, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko. Anagona m'chipatala masiku asanu. Mwendo unapulumuka, koma anatha miyezi iwiri osapita ku mpira. Masiku amenewo ndinkawagulira mkaka ndi buledi, kutaya zinyalala, ndipo Loweruka tinkamvera mpira pawailesi m'khitchini mwawo. Za tsiku lija sanazitchulenso, kupatula kundiseka za munthu wopita kumwamba.

Atachira tinabwerera ku mzere wakhumi ndi chiwiri. Mayi wina wa fulasiki anawafunsa kumene anasowera, iwo n'kuyankha kuti anapita kukaona dziko. Sindinadandaulenso za malowo. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi iwo amene anandithamangitsa.

"Pita kwa anzako," anatero. "Ukundiphimba ndi kutalika kwakoko. Tikumana pageti mpira ukatha."

Tinachita choncho kwa zaka ziwiri, ine kuseri kwa golo, iwo pampando wawo, n'kumakangana m'basi za zimene aliyense waona. Iwo ankati ine sindinaone mpira, ndangoimba. Nthawi zambiri ankanena zoona. Kenako miyendo inakaniratu, anasamukira kunyumba yosamalirako okalamba ku Erdington, ndipo anamwalira kumeneko ine ndili ku koleji.

Lero ndili ndi mpando wangawanga wa chaka chonse, kuseri kwa golo komweko. Zimene agogo anamva ali mnyamata sindinazimvepo anthu onse akuchitira pamodzi, ngakhale kamodzi ndinamva munthu mmodzi akuyamba, ndipo ndinakamunenera kwa oyang'anira. Ndikafika, mpira usanayambe, ndimayang'ana amene ali pafupi nane, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati pali mwana kapena wachikulire amene wakhala pansi. Anzanga amandiseka. Amati m'bwalo lonselo ndine ndekha amene timu ikagoletsa ndimayamba ndayang'ana pansi ndisanadumphe.