Ndinachotsetsa Amayi Ntchito Chifukwa cha Makobidi a Madola Awiri

Amene anachotsetsa amayi anga ntchito ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kwa miyezi yambiri ndakhala ndikuloza chala anthu ena: anyamata a m'mavidiyo, manijala wa kuntchito kwa amayi, mwana wa nkhalamba ija. Onsewo ndikadali nawo mkwiyo, sindikunamizani. Koma amene anagwira foni n'kulemba zopusa ndine. Inu owerenga, makamaka inu muli ndi ana kapena ang'ono anu kuno kunja, ndimvereni kaye musanalole mwana kuyamba geni yogulitsa makobidi pa intaneti.

Timakhala ku Cannington anthu atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono Tadala, amene pa nthawiyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi ankagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba. Ine ndimayendetsa folokilifiti, kagalimoto kokwezera katundu wa pa mapaleti, pa weyahausi ina ku Welshpool. Sukulu ndinaisiyira panjira. Ndinamenya mnyamata wina amene ankanditsanzira kalankhulidwe, anandiimitsa masabata awiri, ine ndinangoti basi, khalani nayo sukulu yanuyo. Ndine wa mtima wapachala, aliyense wondidziwa akuuzani. Ndipo chimene chimandiwawa n'choti tikakumana Amalawi kutchalitchi, funso loyamba limakhala lakuti ukuphunzira chiyani, ngati kuti munthu wopanda digiri sapuma mpweya. Ana a anzathu akupanga masitazi, ine ndikukweza mapaleti. Chilonda chimenechi chikumbukireni, chifukwa zonse zinachokera pamenepo.

Tadala ndi mwana wofatsa, wokonda mabuku. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi cha kuno. Anayamba yekha kutolera makobidi a madola awiri, aja amakhala ndi utoto pakati, ena duwa lofiira, ena mizere yobiriwira kapena yabuluu. Amayi akabwera ndi chenji kuchokera kusitolo, iye ankayang'ana limodzilimodzi, lokongola n'kuliponya m'kachitini ka mabisiketi. Anali masewera chabe. Mwana sankaganiza n'komwe zogulitsa.

Matendawo ndinabweretsa m'nyumba ndine. Tsiku lina pa nthawi yopuma kuntchito ndinaona vidiyo ya mnyamata wina akugwedeza khobidi pa kamera, akuti mwina lili m'thumba mwanu pompano ndipo mungaligulitse madola mazanamazana. Ndinaonera ina, n'kuoneranso ina. Pofika kunyumba mutu unali utatentha. Ndinauza Tadala kuti akukhalira chuma ngati nkhuku yofungatira mazira, ndipo ine ndimuphunzitsa zimene aphunzitsi ake sazidziwa. Kunena zoona sindinkaganiza za iye. Ndinkafuna tsiku lina ndidzaime pakhomo la tchalitchi n'kunena kuti mwaona, ndalama sizifunsa setifiketi.

Mwana wa msinkhu wake saloledwa kutsegula akaunti pa tsamba la malonda la pa intaneti. Yanga anali ataitseka kalekale, chifukwa ndinatukwana munthu wina amene ankandinyozera matayala amene ndinkagulitsa. Ndiye ndinatsegula ina m'dzina la amayi, n'kuikapo chithunzi chawo. Ndinawauza kuti ndi yogulitsira zovala zimene Tadala zinamuchepera. Anali atangoweruka, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, anangoti chitani. Kulakwa koyamba kunali kumeneko.

Tinayamba. Ndinkapita kubanki kukatenga mipukutu ya makobidi, Loweruka tinkakhala pansi kumasula umodziumodzi kufunafuna autoto, otsalawo n'kukabweza. Zala za Tadala zinkada bii. Ndipo mverani zimene anyamata a m'mavidiyo aja sanena, anthu abodza, akuba a nthawi ya ana. Makobidi ambiri autoto amene adutsa m'manja mwa anthu amagulidwa mongopitirira pang'ono mtengo wake weniweni. Ukachotsa envulopu, sitampa ndi gawo limene tsambalo limadula, umatsala ndi ya switi. Iwowo ndalama amapeza pa inu owonera mavidiyo, osati pa makobidi. Ndipo ogula ndi azibambo akuluakulu odziwa zinthu. Ankanenerera mtengo ngati ali pa kaunjika, wina ananama kuti katundu sanafike n'kubwezeredwa ndalama, wina analemba mawu oti mwana sayenera kuwerenga. Onsewo ankayankhidwa ndi kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa Chingerezi cholemba ndi iye amachitha kuposa ine.

Patapita miyezi iwiri Tadala anati watopa. Anandiuza kuti aphunzitsi amulanda foni kawiri m'kalasi akuyankha ogula, ndipo makobidi sakumusangalatsanso. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamukalipira. Ndinati ndi waulesi, woleredwa m'manja, sadziwa kuti anzake ku Mchesi amagulitsa mandasi asanapite kusukulu. Mwana anangowerama. Pamenepo m'pamene mkulu wanzeru akanasiya. Ine ndinaona ngati ndikasiya ndiye kuti ndavomera kuti ndine wolephera kachiwiri.

Tsopano m'nyumba mwathu munali kabuku kena kabuluu kosungiramo makobidi. Kanachokera kwa a Keith, agogo ena achizungu amene amayi anawasamalira zaka zinayi. Amayi ndi amene ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa masiku amene manja akana. Atamva kuti amayi ali ndi mwana wokonda makobidi, tsiku lina anatulutsa kabukuko m'kabati n'kuwapatsa kuti akapatse mdzukulu, kutanthauza Tadala. Patsamba loyamba panali dzina lawo, lolembedwa ndi dzanja lawo lonjenjemera.

Lamulo la pantchito paja amayi ankalidziwa: mphatso ya wokalamba sulandira, ukalandira ukalembetse ku ofesi tsiku lomwelo. Koma inu obadwira kwathu, tandiuzani. Munthu wamkulu msinkhu wa agogo ako wakutambasulira manja awiri, maso ali mwa iwe, ungabweze? Amayi analandira ndi manja awiri mawondo atapinda, monga anawalerera. Anati alembetsa mawa. Mawa lake manijala kunalibe, kenako kunabwera manyazi oti achedwa, masiku n'kupita. Kunyumba anatiuza momveka bwino kuti kabukuko si kogulitsa, si koonetsa anthu, ndi ka Tadala kukumbukira agogo ake achizungu.

Ine ndinali nditakatsegula kale. Munali khobidi lija la duwa lofiira limene anthu amalisakasaka, lonyezimira ngati silinagwiridwepo, ndi ena ambiri abwinobwino. Geni itayamba kufa, maso anga anapita pamenepo. Ndinauza Tadala kuti tingojambula tione mtengo umene anthu anganene, sitigulitsa. Anakana, anati amayi analetsa. Ndinamufunsa kuti wamkulu ndani pakati pa iye ndi ine. Anajambula misozi ili m'maso, tsamba lililonse, ngakhale loyamba lija la dzina. Ine sindinayang'ane n'komwe. Ndinangoti tumiza.

Patapita masiku awiri, ndili pa nkhomaliro ku Welshpool, nditangokangana ndi kapitawo pa nkhani ya paleti yosweka, uthenga unalowa. Bambo wina ankafunsa kumene tinapeza kabukuko. Anati zolembazo ndi za bambo ake, ali ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo abale akhala akukafunafuna. Lero ndikawerenganso uthengawo ndimaona kuti munthuyo anafunsa mwaulemu. Tsiku limenelo ndinamva zina. Ndinamva zimene ndakhala ndikumva chifikireni kuno: munthu wakuda akagwira chinthu chabwino ndiye kuti waba. Magazi anakwera. Ndinamuyankha kuti sizikumukhudza, ngati akukafuna alipire ngati wina aliyense. Atalembanso, ndinamuuza kuti akanakhala kuti amawakonda bambo akewo sakanawataya kwa anthu ena kuti aziwapukuta. Ndinawonjezera ndi mawu ena oti sindingawalembe pano.

Inu owerenga, mwaiwala kuti akaunti inali ya ndani? Mawu onsewo anapita ndi dzina la amayi, chithunzi cha amayi chili pambali chikumwetulira. Ndipo bamboyo ankawadziwa. Ankawapatsa moni Lamlungu lililonse akabwera kudzaona bambo ake.

Mawa lake ndinali pa ofu. Amayi anabwera masana dzuwa lili pamutu, nthawi yoti sabwera. Sanavule yunifolomu. Anakhala pa tebulo n'kuyala mapepala amene manijala anawapatsa, mauthenga anga onse atasindikizidwa. Anadikira Tadala abwere kusukulu, kenako anatiitana tonse awiri.

"Ndani analemba izi m'dzina langa?"

Sanakweze mawu. Amene anayankha ndi Tadala, ndipo anayankha m'Chichewa, chimene anali atatha zaka zambiri osachilankhula.

"Ndine, Amayi. Ndinajambula ndine. Pepani."

Ndipo ine ndinakhala chete. Izi ndi zimene sindinauzepo munthu. Sizinali nthawi yaitali, koma ndinamusiya mwana asenze yekha, ndikuyang'ana pansi ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Amayi sanamuyang'ane n'komwe Tadala. Anayang'ana ine, nati mwana wawo wamkazi satukwana choncho. Pamenepo m'pamene ndinavomera.

Akuntchito anawaimitsa kaye amayi kuti afufuze. A Keith mutu unali utayamba kuiwala. Tsiku lina anavomera kuti anapereka okha, tsiku lina anati sakudziwa za kabuku kalikonse. Amayi anandiletsa kuti ndisapite kuntchito kwawoko. Ine, mbuli ine, ndinapita. Ndinati ndikafotokoze kuti wolemba ndine. Mayi wa pa risepushoni atandiuza kuti manijala sangandione popanda kupangana, ndinamenya tebulo, ndinakuwa, nkhalamba zili pa mipando yawo zikundiyang'ana mwamantha. Ananditulutsa. Zimenezonso zinakalowa mu failo ya amayi.

Kabuku kanabwezedwa, khobidi lililonse lili m'malo mwake. Apolisi sanaitanidwe. Koma ntchito inatha. Manijala anati amayi sanalembetse mphatso, mphatsoyo inakapezeka pamsika, ndipo banja la wokalamba linatukwanidwa m'dzina la wantchito wawo. Ndikamaganiza za manijala uja mtima umawira, chifukwa ankadziwa kuti amayi sanatengepo ngakhale supuni ya munthu. Ndikamaganiza za mwana wa a Keith umawiranso, chifukwa akanatha kuwafunsa amayi pamaso. Koma ndikafika kumapeto kwa mkwiyowo ndimapeza ndaima ndekha. Iye anafunsa. Woyankha ndinali ine.

Panopa amayi amagwira maganyu a ejensi, lero kuno mawa uko, nthawi zina mabasi awiri ndi sitima. Nkhani inafika kutchalitchi itasintha kale, monga mukudziwira Amalawi. Akuti anabera nkhalamba. Azimayi omwe ankadya kwathu anayamba kugwira zikwama zawo mwamphamvu. Amayi anasiya kwaya. A Keith anamwalira patapita miyezi ingapo, ndipo amayi anamva kwa mnzawo wakale wa kuntchito maliro atachitika kale. Munthu amene anamudyetsa zaka zinayi, sanamutsanzike. Anakhala pakhonde tsiku lonse osadya. Sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Ndiye mukandifunsa ngati mwana ayese kugulitsa makobidi pa intaneti, yankho langa ndi lakuti ayi, musiyeni mwana. Ngati amakonda kutolera, atolere, aziwayala pabedi, azikondwa nawo. Musasandutse masewera ake kukhala ntchito chifukwa inuyo muli ndi chilonda chanu. Phindu lake ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene mukumutsegulira chitseko kuti azilankhula naye. Akakakamira yekha, akaunti ikhale yanu inuyo wamkulu, m'dzina lanu, mauthenga muziwerenga ndinu, ndipo mwana akati watopa mumve. Dzina la munthu wina musalibwereke, ngakhale la mayi anu okubalani, chifukwa likada simungalichape. Inu amayi ndi abambo ogwira ntchito yosamalira okalamba, ulemu wa kwathu ndi wabwino, koma kuno ulibe mboni. Landirani ndi manja awiri ngati simungathe kukana, kenako miyendo ilunjike ku ofesi tsiku lomwelo, ngakhale itakhala switi imodzi. Ndipo iwe mnzanga wa mtima ngati wangawu, uthenga ukakupsetsa mtima ika foni m'thumba, kakweze mapaleti ako, udzayankhe mawa.

Sabata imene amayi anachotsedwa ntchito, Tadala anandipempha kuti ndimuperekeze kusitolo yaikulu ya ku Cannington. Ananyamula kachitini kake ka mabisiketi kaja. Anatenga buledi, mkaka ndi mazira, n'kupita pa makina olipirira wekha. Anatsegula kachitini n'kuyamba kuponyamo makobidi ake limodzilimodzi, ofiira, obiriwira, abuluu, onse amene anatolera asanadziwe kuti ali ndi mtengo. Ndinamugwira mkono, ndinati ena mwa amenewo ndi osowa. Anandichotsa dzanja osandiyang'ana, n'kupitiriza mpaka m'kachitini munatsala mbee.

Mpaka lero akapatsidwa chenji sayang'ana. Amangopereka kwa amayi.