Beseni pa Boneti

Alamu anga ndi munthu woti ukawauza kuti khomo lachepa, amayamba kuyang'ana khoma. Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndipo kashedi kanga kanayang'anizana ndi geti lawo, ndiye makani awo ndawaonera pafupi chikwatirireni mlongo wanga. Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lenileni. Tonse timati a Giyawani, chifukwa kuyenda amayenda pang'onopang'ono, kuyankhula chimodzimodzi, koma sindinawaonepo akubwerera m'mbuyo pamtunda.

Unyamata wawo wonse unathera m'lole ya kampani ina yogulitsa simenti, ija yopanda mphuno, yoti dalaivala amakhala pamwamba pa injini. Imvi zitachuluka, kampani inawagwira chanza n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Iwo anagula pikapu yakale ya petulo, nayamba kunyamula njerwa, mchenga ndi katundu wa anthu osamuka. Inawadyetsa bwino ndithu, mpaka tsiku limene inagogoda pamtunda wa kumsika, n'kulavula mafuta, n'kuzima. Makaniko atatsegula injini anangopukusa mutu n'kuyamba kutsuka m'manja. Pikapu inakokedwa mpaka pabwalo, ndipo posakhalitsa mphaka anaberekera pampando wa dalaivala.

Apa m'pamene analowerera mwana wawo woyamba, amene timamutcha Kapitawo kuyambira ali wamng'ono chifukwa chokonda kulamula anzake pamasewera. Si mwana woipa ayi, ndisamunamizire. Anamanga chipinda kuseri kwa nyumba yake, chamatailosi, chazenera lalikulu, n'kubwera kudzawatenga makolo ake.

"Bambo, mwagwira ntchito mokwanira," anatero. "Nyumba ino tiikemo anthu a lendi, inu ndi amayi mubwere kwathu."

"Ndizikatani kumeneko?"

"Muzikapuma."

"Ndinakuuza kuti ndatopa?"

Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pamapeto pake anagwirizana chinthu chimodzi: pikapu ikapanda kuyenda mvula isanayambe, asamuka popanda kuwiringula. Kapitawo anavomera akumwetulira, poti anali atamuona kale mphaka uja ndi ana ake.

Mlongo wanga ndi munthu wa bondo lovuta komanso wodana ndi phokoso, ndiye anangoyamba kutolera makatoni kugolosale. Choyamba kulongedza linali beseni lake lalikulu lachitsulo, lamaluwa ofiira, limene amayi athu anamupatsa pa ukwati. Ana ake onse anasambira m'menemo. Analikulunga m'bulangete, n'kumanga katoniyo ndi chingwe. Nditaona zimenezo mtima unandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti iye wagonja kale, ndipo ine nditsala ndekha mumsewu uno ndi zitsulo zanga.

Kenaka alamu anamva kuti lole yawo yakale ija yagwera m'ngalande ndi dalaivala watsopano. Munthuyo anapulumuka, mutu wa lole unaphwanyika, koma injini inali bwinobwino kwa ogula zitsulo zakutha. Mmene anagwirizanirana ndi mwini malowo sindikudziwa. Ndinangoona kuti wailesi yaikulu ndi wotchi yapakhoma ija sizikuonekanso pabalaza. M'mawa wina analowa m'shedi mwanga ndi choko m'manja.

"Alamu, sesani pansipa. Tikuika dizilo m'pikapu."

"Dizilo yake iti?"

"Yanga. Ya m'lole."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Injini ya lole yonyamula simenti, m'kapikapu koti munthu ukakayedzamira kamalira! Iwo anadikira kuti ndimalize kuseka, kenaka anagwada n'kuyamba kujambula.

Kuyambira tsiku limenelo pansi pa shedi yanga panasanduka bolodi la kusukulu. Anadula ndodo ziwiri zachitsulo, ina ya m'litali mwa injini, ina ya m'lifupi, ndipo ankayenda nazo uku ndi uku, kwa ogula zitsulo, kupikapu, kenaka kuchojambula chawo. Ine ntchito yanga inali kutsutsa, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse.

"Kulemera kwake nanga? Kutsogoloku kugwada."

"Tiwonjezera masipuling'i."

"Giyabokosi ya pikapu ithyoka mano tsiku loyamba."

"Ibwera ndi yake ya m'lole. Shafuti yopita kumbuyo muidula, muifupikitse. Si ntchito yanu kodi?"

"Batire imodzi siingadzutse chimenecho."

"Yachiwiri ikhala kuseri kwa mpando."

"Nanga mabuleki? Kuthamanga n'kosavuta, alamu, koma kuima?"

Apo anandiyang'ana ngati mwana amene wayankha bwino mwangozi. "Mwafunsa zanzeru lero," anatero, ndipo mawa lake anabwera ndi mabuleki akuluakulu m'thumba la simenti.

Chilichonse chinali ndi yankho lake. Thanki tinaitsuka kuti fungo la petulo lichoke. Redieta tinaisunthira kutsogolo. Ndinawotcherera miyendo yatsopano yokhazikapo injini, yochindikala ngati ya mlatho. Anthu odutsa ankaima pageti n'kumafunsa ngati tikupanga sitima yapamtunda, ndipo alamu ankawayankha osadzutsa mutu kuti matikiti agulitsidwa Lolemba. Kunena zoona, ndinayamba kukhulupirira, ngakhale sindinawauze. Madzulo mlongo wanga ankatibweretsera tiyi, n'kuponda chojambula chija ngati sakuchiona, n'kubwerera ku makatoni ake.

Mitambo itayamba kusonkhana, tsiku loika injini linafika. Tinaimika mapaipi atatu pamwamba pa pikapu n'kupachikapo tcheni. Msewu wonse unabwera, ngakhale telala wa pakona anasiya makina ake. Kapitawo nayenso anafika ndi galimoto yahayala kudzatenga makatoni oyamba, poti kwa iye nkhani inali itatha kale. Anawakweza yekha makatoniwo, uku ife tikutsitsa injini pang'onopang'ono, ine ndikukoka tcheni, alamu akuiwongolera ndi manja awiri ngati akugoneka wodwala.

Inakhala. Mabawuti onse analowa m'mabowo awo popanda nyundo. Titalumikiza mapaipi ndi mawaya, alamu anapotokola kiyi. Inatsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi wakuda umene unathamangitsa amayi onse pageti, kenaka inayamba kuguguda mawu ake akale aja. Malata a shedi yanga ananjenjemera. Alamu sanamwetulire, koma ndinaona kuti maso awo anyowa.

Anatsika kuti atseke boneti. Boneti inatsika pang'ono n'kugunda chitsulo. Anaikweza, anaitsitsanso, inagundanso pomwepo. Inangokhala yasa, mpata wake woti mutu wa munthu n'kulowa.

Tinayang'anana. Ndodo zinali ziwiri, ya m'litali ndi ya m'lifupi. Yachitatu, ya msinkhu, panalibe. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pamwamba pa injini, m'lole yopanda boneti, sanaganizepo kuti injini imafuna denga. Ndipo choko chojambula pansi sichikuuza kuti chinthu n'chachitali bwanji kupita m'mwamba.

Anthu anaseka, ndipo sindingawadzudzule. Telala anachita kugwira geti kuti asagwe. Kapitawo yekha sanaseke. Anayandikira bambo ake n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Bambo, mwayesetsa, aliyense waona. Koma simungayende boneti ili chonchi, msewu simuuona. Tiyeni tizipita."

Alamu sanamuyang'ane n'komwe. "Alamu," anandiitana, "bweretsani chodulira."

Anajambula ndi choko mzere wozungulira pakati pa boneti, pomwe injini imagunda, ndipo ndinadula. Chitsulo chitagwa, boneti inatsekeka bwinobwino, mutu wa injini uli tumphu pabowopo ngati munthu wosuzumira pampanda.

"Nanga mvula?" anafunsa Kapitawo, tsopano atakwiya. "Madzi azingothira m'mawaya? Nanga apolisi apamsewu akuloleni ndi chibowo chimenecho? Tinagwirizana kuti iyende, bambo, osati izingolira pabwalo."

Ine ndinali ndi malata athyathyathya okhaokha, ndipo kuumba chitsulo kuti chikhale ngati chipewa si ntchito ya nyundo yanga. Alamu anaima chilili, choko chili m'manja, mphepo ya mvula ikuwulutsa fumbi pabwalo. Ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinayang'ana kumbali.

Sindinaone nthawi imene mlongo wanga anapita kugalimoto yahayala ija. Ndinangomva akuuza dalaivala wake kuti amuthandize kumasula chingwe. Anabwera akutsimphina, atanyamula chinthu chokulunga m'bulangete. Anafika papikapu, anavundukula beseni lija, n'kulivundikira pabowo. Linakwana ngati analipangira pomwepo, maluwa ofiira ali m'mwamba.

"Amayi!" anatero Kapitawo. "Limenelo si la agogo?"

"N'langa," anayankha. "Ndinakusambitsira m'menemu iwe, ndipo unkalira kuposa injini imeneyi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mwangoti kakasi bwanji? Mulibe mabawuti?"

Ndinamuuza kuti ndikaboola m'mphepete mwake, beseni limenelo silidzasunganso madzi mpaka kalekale.

"Ndakufunsani za madzi?"

Ndinaboola. Ndinkakumbukira amayi athu akulisenza pamutu tsiku la ukwati, koma ndinaboola, n'kuikapo mphira pansi pake, n'kumanga mabawuti mozungulira. Alamu nthawi yonseyi ankayang'ana akazi awo ngati awaona koyamba. Madontho oyamba anagwa ndikumanga bawuti lomaliza, ndipo analira pabeseni ngati pamalata.

Mlongo wanga anatsegula chitseko cha pikapu, anakutumula ubweya wa mphaka pampando, n'kukwera movutikira ndi bondo lake lija. Atakhazikika anatsitsa galasi.

"Mwanawe, chipinda chako n'chabwino, ndipo Mulungu akudalitse. Koma tsitsa makatoni anga asananyowe, uwaike pakhonde." Kenaka anayang'ana amuna awo, amene anali chiimire pamvula. "Bambo ake Kapitawo, mukudikira kalata kodi? Tiyeni tikaone mtunda wa kumsika uja."

Anatuluka pageti pa giya wani, utsi uli m'mbuyo, maluwa ofiira ali patsogolo. Kapitawo anaima nane m'shedi, katoni ili m'manja, tikumvetsera mawu a injini akukwera mtunda osasintha, mpaka anapitirira pamene pikapu inafera paja.

"Malume," anatero, "ndiye amayi azichapira m'chiyani?"

Ndinamuuza kuti akagule la pulasitiki, ndipo alibweretse kuno, chifukwa kuno n'kumene amakhala.