Mzukwa wa ku chigayo

Titangotuluka m'holo ku Germiston Loweruka lapitali, mkangano unabuka tisanafike n'komwe pokwerera matekisi. Filimu ya kwathu imene tinaonera inali ya kamtsikana ka kumudzi komwe kankaona anthu oyera mbuu akutuluka m'chigayo.

"Atinyoza!" anatero a Jafali, anzathu ogulitsa nsapato ku Brakpan. "Azulu aziti kwathu n'kwa mizukwa."

Mkazi wanga anati sanatolepo kanthu. Koma ine ndinkachita kudumpha ngati mwana. "Eish, n'zoona zimene zija! Ine ndinauona ndi maso angawa!"

Ndili wamng'ono, anzanga ankati chigayo cha kwathu chimayendetsedwa ndi anthu akufa. Tsiku lina amayi ananditenga kokagayitsa. Kunali fungo la dizilo, nthaka ikunjenjemera, fumbi la ufa lili koboo. Mwadzidzidzi pakhomo panatulukira chimunthu choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso okha ali psuu. Chinanditchula dzina! Ndinataya lichero, liwiro la mtondo wadooka, kukauza anzanga onse kuti mzukwa ukundidziwa. Tsiku limenelo ndinali ngwazi.

Anali bambo anga, atangoyamba kumene ganyu pachigayopo. Amayi anaseka mpaka misozi, koma bambo sanaseke.

"Ndiye mukusangalala chiyani?" anafunsa a Jafali.

Pamzere wa tekisi pomwepo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake bambo ankafika pakhomo akunjenjemera m'nyengo yozizira, tsitsi lili lonyowa. Ankayamba asamba kumtsinje kuti ndisawathawenso.