Diso la Kampani Ina pa Kamera ya Amuna Anga

Amuna anga popita ku Joni anagulitsa diso la kamera yawo, lensi ija, kuti apeze ya basi. Kamera yeniyeniyo anaisiya m'sutikesi, pakamwa pake atatseka ndi chivindikiro, ati akafika atumiza diso lina loposa lija. Mwana anali ndi miyezi iwiri. Anaimba foni kanayi, kenako pa nambala ija pankangoyankha mzimayi wa kampani ya mafoni uja, wolankhula Chingerezi.

Mwana atayamba kukwawa, amalume anabwera kwathu kwa Mposa, n'kukhala pakhonde, ati andipezera ntchito ya m'nyumba ku Limbe. Koma abwanawo safuna wantchito wobereka mwana kumbuyo. Mwana aleke bere, atsale ndi amayi, ine ndizidzamuona kamodzi pachaka. Amayi anga miyendo imawavuta, sangathamangire mwana akamakwawira kumoto. Ndinangomufinya mwanayo pachifuwa mpaka analira.

"Nanga udya chiyani kuno?" anatero amalume.

"Ndizijambula."

"Ndi chiyani? Ndi maso akowo?"

Ndinawauza kuti m'mudzi woyandikana nafe muli ukwati wa Chisilamu pakatha masabata atatu, ndipo azakhali a mkwatibwi anandifunsa kale pamjigo ngati kamera ilipo. Sankafuna mwamuna kulowa m'nyumba yovekeramo mkwatibwi. Amalume anasasa fumbi pa thalauza.

"Chabwino. Ukwati ukatha ndidzaone zithunzi m'manja mwangamu. Zikapanda kuoneka, Lolemba lake tikukwera basi."

Kujambula ndinali nditaonerera kokha. Amuna anga akamajambula anthu, ine ndinkagwira nsalu kumbuyo, maso ali pa zala zawo. Ndinagulitsa mbuzi yanga, ulendo wa ku Balaka, kumene ndinamva kuti pamsika pali bambo wogulitsa mawailesi ndi makamera akale. Kamera sindinaitenge, ndinaopa akuba m'minibasi. Ndinangokopera papepala dzina lolembedwa pa lamba wake, chilembo chimodzichimodzi, poti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Bamboyo anawerenga, anatulutsa diso m'katoni, ndinalikulunga m'chitenje n'kuliika pakati pa msana wanga ndi mwana.

Kufika kunyumba, diso likukana kulowa. Nditembenuze uku, ayi, uku, ayi. Ndinakankha pang'ono, ndinamva chitsulo chikukanda chinzake, ndinasiya. Amayi anali panja akusola mtedza. Sindinawauze. Ndikanauza ndani? Anzanga onse ankadziwa kuti mbuzi yapita, ankangodikira kuseka.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Balaka, kamera ili m'thumba la shuga pansi pa matewera.

"Iyayi mayi, dzinali munalemba nokha," anatero wogulitsa uja. "Katundu akatuluka sabwerera. Pitani kwa madala awo okonza mawotchi, mwina angakuuzeni zina."

Madalawo anali ndi kathebulo pakhonde la sitolo, chisoti choyera kumutu, kagalasi kolendewera pakhosi. Anaitembenuza kamera, n'kukanda ndi chikhadabo pamphumi pake pamene panali tepi yakuda. Tepi ija ine ndinkayesa ndi mmene kamera inabadwira. Itamatuka, pansi pake panali dzina lina.

"Mwanangu, lamba ndi wa kampani ina, kamera ndi ya kampani ina. Mwini wake ankafuna anthu aziwerenga dzina lotchuka. Ndani, amuna anu?"

Ndinagwedeza mutu. Zaka ziwiri ndikugwira nsalu kumbuyo kwa munthu, osadziwa ngakhale dzina la kamera yake. Misozi inabwera yokha, anthu akudutsa, mwana akukoka duku langa.

"Musalire pamsika, anthu aziti ndakuberani wotchi," anatero madala. Anandionetsa pakamwa pa kamera ndi kumbuyo kwa diso, timano take tosiyana malo. Ati pali mphete yachitsulo, amaitcha adaputa, mbali ina ili ndi mano a diso ili, mbali ina mano a kamera iyi. "Mwayi wanu, diso ili limalola kukwera pa kamera yotere. Zikanakhala mosinthana, bwenzi ndikukuuzani kuti mukaliike pawindo likhale duwa."

Anaimbira mdzukulu wawo ku Limbe kuti aifune, aitumize ndi dalaivala wa minibasi. Masiku asanu ndi atatu ndinadikira. Njinga iliyonse ikamalira belu panjira ndinkayesa amalume abwera msanga. Mwana akamayamwa ndinkawerenga masiku pa zala zake za kumapazi.

Mphete itafika, inali kanthu kochepa ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Madala anaipotera pa diso, diso pa kamera, inangoti khe. Ndinasuzumira. Zonse zinali chifunga, sitolo, njinga, madala omwe.

"Yafa!" ndinakuwa.

"Siinafe. Mpheteyi yangozikwatitsa, koma sizilankhulana. Kale kamera inkauza diso pofunika kuona. Tsopano muziliuza ndinu, ndi zala." Anagwira dzanja langa kudzera pa nsonga ya chitenje, n'kuliika pa mkombero wa diso. "Potani pang'onopang'ono. Muone ndevu zangazi. Mukayamba kuziwerenga imodziimodzi, dinani."

Ndinapota, ndinapitirira, ndinabwerera. Ndevu zinatuluka m'chifunga muja, zoyera ndi zakuda.

Kunatsala masiku asanu. Batire ndinkatchajitsa kometera tsitsi, ndipo ndinkaphunzirira pa mwana kuseri kwa nyumba, kumene kulibe wondiona. Mwana wokwawa sadikira. Ndikamupeza nsidze, iye wafika kale pa mtondo. Ndinajambula msana wake, nkhuku, fumbi, zala zinachita kutupa. Tsiku lachinayi ndinamugwira akuseka, timano tiwiri ta m'munsi tikuoneka bwinobwino, dovu likulendewera. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndionetse munthu. Panali nkhuku zokha.

Tsiku la ukwati m'nyumba munali mdima, utsi wa lubani, azimayi thothotho. M'kamera simunkaoneka kanthu. Mwana kumbuyo akuponda, ine ndikungopota.

"Inu mayi, mukutsegula botolo kapena mukujambula?" anatero mayi wina. "Mano atiuma ndi kumwetulira!"

Onse anaseka. Ndinapempha azakhali aja kuti mkwatibwi akhale pafupi ndi khomo, pali kuwala. Anandiyang'ana, kenako analamula kuti mkeka usunthe, n'kumasula mwana kumsana kwanga kupatsa mayi amene sindimamudziwa. Diso limodzi linali m'kamera, lina pa mayi ameneyo, kuti asatuluke naye. Ndinafuna nsidze za mkwatibwi monga ndinkafunira za mwana wanga. Iye sankakwawa. Ndinazipeza, ndinadina.

Zithunzi ndinakatsukitsa ku Liwonde. Zambiri za panja, anthu akuvina, zinali chifunga chokhachokha, ndinazibisa. Za pakhomo zija zinatuluka, mpaka timikanda ta pa mpango tikuwerengeka.

Lamulungu amalume anabwera. Anapukuta manja, anazitenga chimodzichimodzi, akuzitalikitsa ndi kuziyandikitsa. Ine nditaima, mwana ndamumanga kawiri.

"Ndipo wajambula iweyo?"

"Eya."

"Azakhali a mkwatibwiwo akuti bwanji?"

"Akuti mwezi wamawa kuli ukwati wina kwa achemwali awo."

Anandibwezera zithunzi, anamwa madzi, n'kukwera njinga. Za Lolemba sanatchule. Lolemba linacha, basi inadutsa kumsewu, ine ndikuchapa matewera.

Madzulo ake ndinatenga foni, ndinaimba nambala ija. Ndinkafuna kungonena kuti kamera yanu yaona, ndipo dzina lake ndalidziwa. Anayankha mzimayi wa Chingerezi yemwe uja. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako mwana anakwawira pamiyendo panga, ndinamupatsa bere, anandiluma ndi timano tija.